Chibaba cha mowa chimayambiranso m'mimba

Pali opaleshoni ina imene madokotala amachita kwa anthu onenepa mopitirira muyezo, yotchedwa Roux-en-Y. Amadula chifu n'kusiyako kathumba kakang'ono, kathumbako n'kukalumikiza kumatumbo chakutsogolo, kuti munthu azikhuta ndi chakudya chochepa. Mutu saukhudza n'komwe. Koma Wendy King wa pa yunivesite ya Pittsburgh ndi anzake, atatsata odwala pafupifupi 2,000 m'zipatala 10 za ku America amene anachitidwa maopaleshoni ochepetsa thupi, anapeza chinthu chimene odwalawo sanachipemphe. Lipoti lawo la mu 2012 linasonyeza kuti opaleshoni isanachitike, anthu 7.6 pa 100 alionse anali ndi vuto la mowa, ndipo m'chaka chachiwiri chiwerengerocho chinafika pa 9.6. Mu 2017 gulu lomweli linawerenganso. Mwa anthu amene analibe vutoli poyamba, mmodzi pa asanu alionse amene anachitidwa Roux-en-Y anayamba kusonyeza zizindikiro zake zaka zisanu zisanathe. Kwa amene anangomangidwa lamba pachifu, njira ya chakudya n'kukhala momwemo, anali pafupifupi mmodzi pa anthu 9.

Mpeni wa dokotala sunadule chikumbumtima cha anthu amenewa. Unasintha njira imene chakudya ndi chakumwa zimadutsa, liwiro limene mowa umalowera m'magazi, ndi mauthenga amene mimba imatumiza kumutu. Apa ine ndikuonapo phunziro lokhudza womwa aliyense, ngakhale amene sanagonepo pa tebulo la opaleshoni. Uchidakwa timalimbana nawo ngati nkhani ya mutu ndi mtima basi: timakalipa, timalangiza, timalumbiritsa munthu kuti sadzalawanso. Funso loti "wadya chiyani lero, nthawi yanji?" timaliona ngati lachibwana pa nkhani yolemera chonchi. Ine ndikuti funso limeneli likhale pakati pa mafunso oyambirira, kunyumba ndi kuchipatala komwe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2019 mowa unatenga miyoyo ya anthu 2.6 miliyoni, ndipo anthu pafupifupi 400 miliyoni anali ndi vuto la kamwedwe. Pa vuto lalikulu chotere, n'kulakwa kusiya theka la thupi kunja kwa chithandizo.

Mkati mwa ubongo muli gulu la maselo pamalo otchedwa VTA, amene amathira timadzi ta muubongo totchedwa dopamine kumalo ena otchedwa nucleus accumbens. Njira imeneyi ndi imene imauza cholengedwa kuti chimene wapezachi n'chofunika, kumbukira pamene wachipeza, ubwererenso. Inalipo kalekale anthu asanadziwe kufulula, ndipo ntchito yake inali kutithamangitsira ku chakudya, ku madzi ndi ku kubereka. Mowa umangodzera momwemo. Umakweza dopamine, komanso umatulutsa ma endorphin, timadzi ta m'thupi mwathu momwe timene timabweretsa kukoma ndi kuziziritsa ululu. Jennifer Mitchell ndi anzake a ku San Francisco anaona ma endorphin amenewa akutuluka mu 2012 pojambula ubongo wa anthu atangomwa. Kent Berridge wa pa yunivesite ya Michigan wakhala akusonyeza kwa zaka zambiri kuti muubongo kufuna chinthu n'kosiyana ndi kuchimva kukoma, ndipo dopamine imakoka kwambiri mbali ya kufuna. N'chifukwa chake munthu amatha kukuuzani m'mawa kuti mowa sukumukomeranso, madzulo miyendo n'kumutengera komweko. Sanakunamizeni.

Mowa ulinso ndi mbali ina imene fodya ndi chamba zilibe: thupi limauwerengera ngati chakudya. Galamu imodzi ya mowa weniweni imapereka makalori 7 (kalori ndi muyezo wa mphamvu ya m'chakudya), pamene shuga amapereka 4 ndipo mafuta 9. Umadutsa pakhosi, m'chifu, m'matumbo ndi m'chiwindi, momwe chakudya chilichonse chimadutsa. Zikanakhala zodabwitsa ziwalo zoyang'anira njala ndi kukhuta zikanangouyang'ana osanenapo kanthu.

Choyamba kulankhula ndi chifu. Mu 1999 Masayasu Kojima ndi Kenji Kangawa a ku Japan anatulukira homoni (timadzi tonyamula uthenga m'thupi) yotchedwa ghrelin, imene chifu chimatulutsa. Imakwera nthawi ya chakudya ikamayandikira kapena munthu akakhala nthawi osadya, n'kutsika akadya. Kenako kunapezeka kuti maselo a mu VTA aja ali ndi malo olandirira ghrelin, kutanthauza kuti mimba yopanda kanthu imafika mpaka pa njira ya kufuna ija n'kuikoleza. Mu 2009 Elisabet Jerlhag ndi anzake a pa yunivesite ya Gothenburg ku Sweden anayesa zimenezi pa mbewa za m'labotale. Atathira ghrelin muubongo wa mbewazo, zinamwa mowa wochulukirapo. Atatseka malo olandirira ghrelin, mowa sunakwezenso dopamine monga umachitira nthawi zonse, ndipo mbewazo sizinkakondanso chipinda chimene zinkapatsidwiramo mowa. Mowa unali womwewo, muyezo womwewo, koma chimene ubongo unkapindula nacho chinali chitachepa.

Mbewa si munthu, n'zoona. N'chifukwa chake ntchito ya Lorenzo Leggio ku America ndi yofunika kwambiri pa mtsutso wangawu. Mu 2014 iye ndi anzake analengeza zotsatira za anthu 45 omwa mwauchidakwa. Ena anawapatsa ghrelin kudzera m'mitsempha, ena madzi amchere chabe, kenako onse n'kuwaikira patsogolo chakumwa chawo chapamtima ndi madzi a zipatso. Amene analandira ghrelin wambiri anamva chibaba cha mowa chikukwera, pamene chilakolako cha madzi a zipatso sichinasinthe kwenikweni. Mu 2018 gulu lake linapita patsogolo. Anthu ochepa omwa kwambiri anapatsidwa batani loti akadina, mowa uzilowa m'mitsempha yawo pang'onopang'ono. Tsiku limene anali ndi ghrelin wowonjezera m'magazi, anadina kambirimbiri kuposa tsiku limene analibe. Taonani bwino: munthu ndi yemweyo, mavuto a kunyumba kwake ndi omwewo, maganizo ake pa nkhani ya mowa ndi omwewo. Chimene chinasintha ndi homoni imodzi ya njala.

Njala imamenya womwa kawiri. Kupatula kukoleza chibaba, imatsegulira mowa njira. Mowa wambiri umalowa m'magazi ukafika m'matumbo aang'ono. M'chifu mukakhala chakudya, khomo lotulukira kumatumbo limatsegula pang'onopang'ono ndipo mowa umachedwa. Mukakhala mopanda kanthu, umangodutsa, n'kukwera m'magazi mothamanga. Ndipo chinthu chikafika kuubongo mothamanga, ubongo umachigwira mwamphamvu kuposa chofika mwachifatse. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene anthu a Roux-en-Y aja amagwera m'vuto: kwa iwo khomo lija kulibe, moti tambula imodzi imawafika kumutu m'mphindi zochepa.

Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti anthu amene anavutikapo ndi mowa anadziwa zimenezi ma labotale asanazitsimikize. M'magulu a anthu othandizana kusiya mowa otchedwa Alcoholics Anonymous, amene anayamba mu 1935 ku Akron m'chigawo cha Ohio ku America, mwakhala mukuyenda chenjezo la zinthu zinayi zimene zimagwetsa munthu amene wasiya mowa: njala, mkwiyo, kusungulumwa ndi kutopa. Njala ili poyamba. Anthuwa analibe makina oyezera mahomoni. Anangoona anzawo akugwa nthawi yamadzulo, atagwira ntchito tsiku lonse osaika kanthu m'kamwa, n'kuuzana.

Mowa nawo umabweza. Mu 2017 Sarah Cains ndi Denis Burdakov ku London anapeza kuti mowa umadzutsa maselo a muubongo otchedwa AgRP, amene nthawi zonse amadzuka thupi likasowa chakudya. Mbewa zopatsidwa mowa zinadya mopitirira, ndipo atawatontholetsa maselowo, kudya mopitirirako kunatha. Ndiye chifukwa chake njala ya pambuyo pa mowa imakhala yolusa ngakhale thupi lalandira kale makalori ambiri. Koma amene wamwa kwambiri kwa zaka zimamuyendera mwina: mowa umalanda malo a chakudya, amadya mwa apo ndi apo, thupi n'kumatha. Palinso achinyamata amene amadzimana chakudya dala kuti mowa wa usiku usawanenepetse, kapena kuti uwagwire msanga. Amenewa ndimawadera nkhawa kwambiri, chifukwa akupereka ubongo wawo kwa mowa pa ola limene ghrelin ali pamwamba ndipo khomo la matumbo lili pululu.

Chiwindi nachonso chili ndi mawu ake, ndipo mawu ake ndi oletsa. Chimatulutsa homoni yotchedwa FGF21 munthu akadya shuga wambiri kapena akamwa mowa. Mu 2016 gulu la David Mangelsdorf ndi Steven Kliewer ku Dallas linasonyeza kuti homoniyi imachepetsa chilakolako cha zotsekemera ndi cha mowa mu mbewa. Chaka chomwecho Gunter Schumann wa ku King's College London ndi anzake anaunika chibadwa cha anthu oposa 105,000, n'kupeza kuti kusiyana pang'ono pa jini (kachigawo ka chibadwa) yotchedwa KLB, imene imathandiza ubongo kumva FGF21, kumayendera limodzi ndi kuchuluka kwa mowa umene munthu amamwa. Mu 2022 Kyle Flippo ndi Matthew Potthoff a ku Iowa, pamodzi ndi anzawo, anapatsa apusi okonda mowa mankhwala ofanana ndi FGF21, ndipo kamwedwe kawo kanatsika ndi theka. Jini imodzi siipanga munthu kukhala chidakwa, ndipo mphamvu ya KLB payokha ndi yaing'ono. Koma ikutiuza chinthu chimene odzitama sakonda kumva. Munthu amene amamwa matambula awiri n'kumva thupi likuti basi, asafulumire kudzitcha wamphamvu pamaso pa mnzake amene thupi lake silinenapo mawu amenewo. Mwina sakulimbana ndi chinthu chofanana.

Ndikudziwa amene akukwinya nkhope pofika pano, ndipo sindikuwapeputsa. Mayi amene wamenyedwa ndi mwamuna woledzera sangatonthozedwe ndi nkhani ya ghrelin. Mwana amene ndalama ya sukulu yake inathera m'botolo sakufuna kumva za chiwindi. Iwo akuopa kuti sayansi ikupatsa chidakwa pobisalira, kuti mawa azidzati si ine, ndi mahomoni. Mantha awowa ndi omveka. Amene wayendetsa galimoto ataledzera n'kupha munthu ali ndi mlandu, ndipo palibe homoni imene ingakamuimire m'khoti. Koma taganizirani chimene kudziwa zimenezi kumachita kwa munthu amene akufunadi kusiya. Ngati chibaba ndi mdani wosaoneka amene amangobwera nthawi imene wafuna, munthu amangodikira kugwa, anzake n'kumati madzi saiwala khwawa. Akadziwa kuti chibabacho chili ndi maola ake, kuti chimakula m'mimba mukakhala mopanda kanthu, ndiye kuti wapatsidwa chochita: kudya ola loopsalo lisanafike, kusapita pamene anzake akumwa ali ndi njala, kugona mokwanira. Udindo wake wawonjezeka, chifukwa tsopano sanganene kuti palibe chimene akanachita.

Pali gulu linanso limene ndikutsutsana nalo, lomwe lili mbali inayo: amene amva nkhaniyi n'kuthamangira kunena kuti jakisoni wapezeka, vuto latha. Akunena za GLP-1, homoni ya kukhuta imene matumbo amatulutsa munthu akadya, komanso imapangidwa m'munsi mwa ubongo. Mankhwala otsanzira homoniyi anayamba ngati a matenda a shuga. Oyamba, exenatide, anachokera ku chinthu chimene John Eng anachipeza m'malovu aululu a buluzi wotchedwa Gila monster, ndipo anavomerezedwa ku America mu 2005. Lero dzina lodziwika ndi semaglutide, amene amagulitsidwa monga Ozempic ndi Wegovy. Pa makoswe ndi mbewa, kafukufuku wasonyeza mobwerezabwereza kuti mankhwala amtunduwu amachepetsa kumwa, ndipo anthu ambiri owabaya pofuna kuchepetsa thupi akhala akunena kuti mowa sukuwakopanso. Mu 2025 Christian Hendershot ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa anthu 48 amene anabayidwa semaglutide wochepa kapena jakisoni wopanda mankhwala kwa milungu 9. Olandira mankhwalawo anamwa pang'ono poyesedwa m'labotale ndipo chibaba chawo chinatsika. Ndi nkhani yabwino, ndipo ndikufuna itakula.

Koma tiwerengenso za ku Copenhagen. Mu 2022 Mette Klausen ndi Anders Fink-Jensen analengeza kafukufuku wa odwala 127 amene analandira exenatide kapena jakisoni wopanda mankhwala kwa milungu 26, onse akulandiranso uphungu. Pa gulu lonse, masiku omwa kwambiri sanasiyane. Kuchepa kwa kumwa kunaoneka mwa odwala onenepa kwambiri okha. Kumbukiraninso kuti opaleshoni ya Roux-en-Y imakweza kwambiri GLP-1 munthu akadya, koma vuto la mowa limakula m'malo mochepa. Palibe homoni imodzi imene ikulamulira yokha. Ndipo funso limene limandivuta kwambiri ndi la munthu wowonda, amene mowa wamudya kale mnofu, amene amadya kamodzi patsiku mwinanso osadya. Mankhwala ochotsa chilakolako cha chakudya, amene amabweretsanso nseru, angamuthandize bwanji munthu wotere popanda kumumaliza? Pamene dziko likuombera m'manja jakisoni watsopano, mankhwala otchedwa naltrexone, amene amatseka malo olandirira ma endorphin aja, anavomerezedwa pa vuto la mowa ku America kuyambira mu 1994, ndipo acamprosate mu 2004. Odwala ambiri sanauzidwepo n'komwe kuti mankhwala amenewa alipo.

Nanga chakudya chenichenicho, chilipo chimene chimathetsa chibaba? Amene angakugulitseni ndondomeko ya kadyedwe yochiritsa uchidakwa akukudyerani ndalama. Kafukufuku wa makoswe odyetsedwa mafuta ambiri amapereka mayankho osiyanasiyana: kwina amamwa kwambiri, kwina amachepetsa, malinga ndi mmene anadyetsedwera komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Pa anthu, ntchito yochititsa chidwi ndi ya Corinde Wiers ndi Nora Volkow ya mu 2021. Ubongo wa munthu womwa kwambiri umazolowera kupeza mphamvu kuchokera ku acetate, chimene chiwindi chimapanga pogaya mowa, ndipo akasiya kumwa ubongowo umasowa chimene unazolowera. Ofufuzawa anapatsa ena mwa odwala 33 ogonekedwa m'chipatala chakudya cha mafuta ambiri ndi sitachi wochepa kwambiri, chimene chimapangitsa thupi kupanga ma ketone olowa m'malo mwa acetate. Odwala amenewa anafunika mankhwala ochepa okhazika thupi pansi likamavutika ndi kusiya mowa m'mlungu woyamba. Koma awa anali anthu ochepa, kwa milungu itatu, madokotala ali pambali pawo usana ndi usiku. Si chinthu choti munthu akayesere yekha kunyumba.

Chimene chatsala chooneka chaching'ono ndicho ndikuchiimira: kudya mokwanira, pa nthawi yake, tsiku lililonse, makamaka m'miyezi yoyamba munthu atasiya. Ambiri amene angosiya kumene amalakalaka zotsekemera modabwitsa, ndipo pofika pano mukuona chifukwa chake: shuga ndi mowa zimagawana njira imodzi muubongo ndi homoni imodzi ya m'chiwindi. Achibale asamuchititse manyazi munthu pa chimenechi m'masabata oyamba, ngakhale kuti pakapita nthawi shugayo ayeneranso kuchepa. Sindikunena kuti mbale ya chakudya ilowe m'malo mwa uphungu, mankhwala, kapena malamulo ochepetsa kutsatsa ndi kupezeka kwa mowa. Chisoni, nkhanza zimene munthu anakumana nazo ali mwana, ulova ndi kusungulumwa zimamwetsa anthu okhuta omwe. Ndikunena kuti mlangizi amene amatha ola lathunthu akukamba za kudziletsa ndi munthu amene sanadye kuyambira dzulo akuthira madzi m'dengu. Malo alionse othandizira omwa mowa ayenera kuyeza kulemera kwa wodwala ndi kulemba kadyedwe kake m'buku momwe amalemba kuchuluka kwa mowa umene amamwa.

Pali mbali imodzi imene kadyedwe kamasanduka nkhani ya moyo ndi imfa, ndipo pamenepa palibe chotsutsana. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi ali yekha. M'masiku awiri kapena atatu oyamba angathe kunjenjemera, kugwa ngati wakhunyu, kuona zinthu zomwe palibe, ngakhale kufa kumene. Afunika kusiya akuyang'aniridwa ndi achipatala. Ndipo munthu wotereyu nthawi zambiri amakhala atatha vitamini B1, wotchedwa thiamine. Thupi limasunga wochepa, wongokwanira milungu yowerengeka, ndipo mowa umatchinga matumbo kuti asamuyamwe bwino ngakhale m'chakudya chochepa chimene munthuyo akudya. Ubongo sungagwiritse ntchito shuga popanda vitaminiyu. Carl Wernicke anafotokoza zotsatira zake mu 1881: kusokonezeka mutu, maso osayenda bwino, kuyenda modzandira. Sergei Korsakoff, zaka zochepa pambuyo pake, anafotokoza chimene chimatsala vutoli likachedwa kuthandizidwa: munthu amene sangathenso kusunga chatsopano m'mutu, woiwala amene walankhula naye mphindi zochepa zapitazo, ndipo ambiri sabwereranso mwakale. Zizindikiro zoyamba zija zimafanana ndi kuledzera, moti n'zosavuta kumusiya munthu pabenchi kuti mowa umuthere kaye. N'chifukwa chake madokotala amalangizidwa kupereka thiamine wa jakisoni kwa womwa kwambiri wofooka atangofika, limodzi ndi diripi ya shuga kapena isanayambe, osadikira kuti zizindikiro zonse zikwane. Wachibale amene waperekeza wodwala wotere auze achipatala mosabisa kuchuluka kwa mowa umene amamwa ndi masiku amene wakhala osadya bwino, ndipo afunse ngati vitaminiyu waperekedwa.